Zikwatu Ziwiri za Amayi

Kwathu ku Mitundu chaka chimenecho amachitcha chaka cha ng'amba, ena amati chaka cha madeya. Ine ndimachita manyazi kuchitcha chaka cha njala, chifukwa sindinagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Ndinali kuno ku Perth, filiji ili yodzaza, ndikugwira ntchito m'khichini ya nyumba yosamalira okalamba ku Morley, kumene nkhomaliro ikatha timataya zakudya zoti zikanadyetsa mudzi wathu wonse. Ntchito yomanga matumba a zinyalala n'kukawaponya kuseri inali yanga, ndipo ikadali yanga mpaka lero. Koma chaka chimenecho chinandidyera mayi, n'kunditengeranso chinthu china chimene sindinkadziwa n'komwe kuti ndikuchifuna. Papita zaka tsopano, koma ndikachikumbukira ndimapsabe mtima.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, ndipo amayi anadzala m'mawa mwake. Anali okalamba, amasiye, koma khasu lawo sankalola munthu kuligwira. Ankakhala ndi mlamu wanga Enelesi ndi ana ake atatu, poti mlongo wanga anapita ku Joni kalekale n'kutchona. Foni inali ya Enelesi. Kuno tili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi, choncho ndikaweruka masana n'kukhala pa siteji ya basi ku Morley, kumudzi kumakhala kudakali m'mawa. Ndinkaimba, Enelesi n'kuwapatsira amayi foni m'munda momwemo. Ankayankhula mokuwa ngati ndili kutsidya kwa dambo, ndipo moni wawo unali wondinena kuti ndikuwachedwetsa ntchito.

Mwezi womwewo mwana wanga Tadala anabwera ndi buku la ku laibulale. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Chichewa amamva chonse, ndi miseche yomwe, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chotulukira m'mphuno. Anati bukulo lamuliza, nanenso ndiliwerenge. Analemba ndi mkazi wina wa dziko lakutali amene mayi ake anamwalira, iye n'kuyamba kuwafunafuna m'zakudya zimene ankamuphikira. Ndinkaliwerenga m'basi kuchokera ku Mirrabooka kumene timakhala, ndipo kunena zoona ndinkaliwerenga monyoza. Mumtima ndinkati anthu okhuta amalira ndi ndiwo zomwe. Ine mayi anga anali moyo, akukalipira mbuzi za eni m'munda.

Tsiku lina Tadala anandifunsa kuti chakudya cha agogo ake n'chiti, chimene ndikachimva fungo ndingati awa ndi amayi. Ndinayankha osaganiza n'komwe kuti mfutso. Ndinamufotokozera kuti nthawi ya dzinja amathyola nkhwani ndi chitambe, kuwiritsa pang'ono, kuyanika pa mphasa mpaka kuuma, kenako kukulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi, chimpira chachikulu ngati mutu wa munthu. Chimenecho ndiye chikwatu. Amachipachika kutsindwi kwa khichini, utsi n'kumachisunga mpaka nthawi imene ndiwo zasowa. Cha amayi sichinkamasuka ndipo sichinkalowa chinyezi, moti akazi ena a m'mudzi ankabwera ndi mfutso wawo kuti awamangire.

Anandifunsa ngati ndimatha kumanga. Sindimatha. Ndili mtsikana, ndikangoti ndiyandikire, amayi ankandithamangitsa, amvekere iwe gwira cholembera, luzi usiyire ife osaphunzirafe. Ndinagwiradi cholembera, chinandipititsa kusekondale yogonera komweko, kenako ku Lilongwe, kenako kuno kodzamanga matumba a zinyalala.

Lamlungu lotsatira, mongocheza pa foni, ndinawauza amayi kuti ndasowa mfutso wawo. Anaseka n'kundifunsa ngati azungu alibe maungu. Nkhani inathera pomwepo, tinayamba za fetereza. Koma ine wokulira kumudzi ndinayenera kudziwa kuti mayi suwauza kuti walakalaka chinthu. Sakuyankha, koma amasunga.

Disembala

A Kachingwe ndi bambo a kutchalitchi kwathu, amagwira za magetsi kumigodi, masabata awiri kutchire, sabata imodzi kunyumba. Chaka chimenecho ankapita kumudzi kukadya Khirisimasi, ndiye ndinawapatsira mankhwala a miyendo, zitenje ziwiri ndi nsapato za ana. Munthu wabwino, anakafika mpaka pakhomo pathu. Ananditumizira chithunzi cha amayi ataima pakati pa chimanga chofika m'mawondo, chobiriwira bwino, iwo nkhope ili gwa ngati akujambulitsa chiphaso.

Khirisimasi itangodutsa mvula inadula. Poyamba palibe anadandaula. Amayi anati ikungopuma, ibwera ndi mwezi watsopano, ndipo anapitiriza kupalira. Kuno inali nthawi yotentha, udzu wa pakhomo utafiira, anthu akuthirira maluwa ndi paipi. Ndinkawerenga buku la Tadala masamba awiri atatu, basi ikugwedeza, n'kugona.

Januwale

Sabata yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu, kumwamba kuli mbee. Enelesi anati chimanga chapota masamba, chasanduka anyezi. Nkhwani anafota asanayange. Bonongwe ndi chisoso, ndiwo zimene m'dzinja zimangomera zokha, sizinaoneke. Mipingo inayamba mapemphero a mvula, ndipo kunabuka mphekesera yoti bambo wina woumba njerwa ndiye akuimanga kuti njerwa zake ziume. Anyamata anamugwetsera uvuni wake, mvula osagwabe. Amayi anati ndi uchitsiru, munthu wolephera kumanga thalauza lake angamange bwanji mitambo.

A Kachingwe atabwerako anafika kunyumba Loweruka masana. Anakhala kunsonga kwa mpando, tiyi anakana. Ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Amake Tadala, pepani. Amayi anandipatsa katundu wanu, zikwatu ziwiri. Pa eyapoti ndinadikileya, ndinawaonetsa ofufuza katundu, mukudziwa malamulo a kuno, masamba salowa. Ndinawachonderera, ndinati ndi ndiwo chabe izi, koma anakana. Anaziponya m'bini ine ndikuona."

Anatulutsa kansalu m'thumba, chidutswa cha chitenje chakale cha amayi chimene anakulungira zikwatuzo. Chimenecho anachiyang'ana n'kuwabwezera. Ndinachiika kumphuno, ndipo munali utsi, mwaye, nkhwani wouma, khichini yathu yonse. A Kachingwe sindinawakwiyire, akanabisa akanapalamula mlandu. Ndinakwiyira dziko lino, buku la Tadala, ndi pakamwa panga.

M'mawa mwake titabwera kutchalitchi ndinaimba, foni ili pa tebulo, Tadala akusenda mbatata pambali. Amayi sanadikire moni.

"Wafika katundu?"

"Wafika, amayi."

"Mwalawa?"

"Talawa. Tadala mpaka kunyambita zala."

Anaseka mpaka kutsokomola. Bodzalo linatuluka lokha, losalala, ndipo ndinkaganiza kuti lathera pomwepo. Koma anafunsanso ngati luzi lija ndinadula ndi mpeni kapena ndinachita kumasula. Ndinati ndinamasula.

"Wachita bwino. Chachiwiricho usathamange nacho. Uzimasula pang'onopang'ono, uziona kumene luzi lalowa ndi kumene latulukira. Ine amayi anga sanandiphunzitse ndi pakamwa ayi. Anandipatsa chikwatu n'kuti masula, ukatha umangenso. Chimenecho ndamanga motayirira dala kuti uone."

Foni itadulidwa Tadala anasiya mpeni n'kundiyang'ana. Anati ndiwauze zoona, mwina andionetse pa vidiyo. Ndinamukalipira kuti asandiphunzitse kuyankhula ndi mayi anga. Nkhalamba imene chimanga chake chikuuma ili kuona, ungaiuze bwanji kuti mphatso yake ili m'bini? Komanso akanandionetsa ndi chiyani, masamba onse atafota? Ndinati tchuthi changa chili mu Juni, ndikagwada pamaso pawo, ndikawauza, tikaseka, akandiphunzitsa ndi manja. Tadala anangotola mpeni wake.

Febuluwale

Mvula inabwera, yambiri, kugwera pa chimanga chakufa kale, n'kukokolola ndi kambatata kamene anthu anabzala m'dambo mothawira. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Mtengo wa chimanga umene wamva Lolemba, pofika Lachisanu unali nthano. Mavenda anasiya kugulitsa pa ndowa, anayamba pa kambale, kenako timapaketi ta ufa tokwana kudya kamodzi. Kumsika kumene kunkabwera chimanga chotsikirako mtengo, Enelesi ankalawirira kukaima pa mzere, n'kubwerako dzuwa litapendeka ndi kathumba konyamula ndi dzanja limodzi, masiku ena chimanjamanja. Madeya amene kale tinkapatsa nkhumba anayamba kulimbiranidwa kuchigayo.

Kunamveka kuti kukubwera chimanga chaulere, mayina analembedwa, koma la amayi linasiyidwa chifukwa akuti ali ndi mwana kunja. Ndinalira ndi ukali pa siteji ya basi nditamva zimenezo. Kukhala kwanga kuno kunawachotsa pa mndandanda, pamene zimene ndinkatumiza ndikalandira zinkasungunuka zisanafike pa chigayo. Nthawi zina ndalama zinalipo, chimanga choti ugule palibe.

Aliyense anachita zimene akanatha. Oyandikana ndi amayi anasasula malata n'kugulitsa, n'kumagona pansi pa mapepala apulasitiki mvula ili mkati. Banja lina linatseka nyumba n'kupita kukafuna ganyu ku maesiteti a ku Mchinji. Amuna otsala analowa m'nkhalango ndi nkhwangwa kukaotcha makala, ndipo misuku yonse ya kuseri kwa mudzi inathera m'matumba.

Ndikaimba ndinkayamba ndi kufunsa ngati adya. Ankati tadya. Ndikafunsa kuti adya chiyani, ankandifunsa ngati ndalowa upolisi. Kenako iwo ankafunsa za chikwatu, ngati ndikuthira nsinjiro zokwanira, ngati ndikukumbukira kuuviika kaye mfutsowo usanapite pamoto. Ndinkati inde. Choncho tinkanamizana sabata ndi sabata, iwo akuti adya, inenso ndikuti tadya, aliyense akusamala mtima wa mnzake.

Zoona ndinazimva kwa Enelesi tsiku limene amayi anapita kumaliro a mwana wa pamudzi. Anati akudya kamodzi patsiku, phala la madeya, ndipo amayi akumati m'mimba mwawo simukufuna kanthu, mbale yawo n'kukankhira kwa ana. Ndiwo inali mchere.

"Zikwatu zija zinali zomaliza, alamu. Ndinawauza kuti asiyeko chimodzi, anandiyankha kuti mwana wawo walakalaka."

Ndikudziwa kuti zikwatu ziwiri sizipulumutsa banja la anthu asanu. Ndadziuza zimenezi kosawerengeka, ndipo ena andiuzanso, koma mtima sumva. M'mawa mwake kuntchito ndinakokolola nsomba ndi mbatata zimene okalamba sanazikhudze n'komwe, ndinamanga thumba, ndinalikokera kuseri, n'kukhala pansi pambali pa bini. Mnzanga wa ntchito atandipeza anafunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndi kutentha. Buku lija ndinaleka kuwerenga, linangokhala m'chikwama n'kumandilemera.

Malichi

Amayi anayamba kutupa miyendo, kenako kutsegula m'mimba. Enelesi anawakweza pa njinga ya kabaza kupita nawo kuchipatala chaching'ono, anawaika diripi, anakhalako masiku atatu n'kubwerera. Thupi linalibe poti ligwire. Ndinapempha tchuthi kuntchito ndipo ndinagula tikiti, koma yomwe ndinaikwanitsa inali ya pakatha masabata awiri.

Lachitatu lina ndinatsimikiza kuti lero ndiwauza. Sindinafune kuti apite, ngati n'kupita, ndili ndi bodza pakamwa. Komanso ndinkaganiza kuti mwina angathebe kundifotokozera ndi mawu, luzi limayambira pati, limazungulira kangati. Mawu oti ndinene ndinawakonza tsiku lonse ndikutsuka mapoto. Nditaweruka ndinakhala pa benchi la pa siteji n'kuimba. Enelesi anawaikira foni kukhutu. Sankakuwanso, mawu anali aang'ono moti ndinatseka khutu linalo ndi chala. Anandiitana ndi dzina langa la paubwana.

"Fele, chachiwiri chija wamasula?"

Ndinatsegula pakamwa, mawu onse amene ndinakonza ali pomwepo.

"Ndamasula, amayi."

"Mfundo yake waiona?"

"Ndaiona."

"Ndiye basi. Ndimadandaula kuti ndinakulakwira pokuthamangitsa kukhichini. Tsopano ukudziwa. Umuphunzitse mwanayo, asamangoyankhula m'mphuno."

"Inde, amayi."

Basi yanga inafika, inatsegula chitseko, inatseka, inapita. Ndinakhalabe pa benchipo. Munthu akupuma ndi mtendere chifukwa cha bodza lako, uli ndi mtima wanji woti umulande? Ndinadziuza kuti ndikawauza ndikafika.

Anamwalira Loweruka. Enelesi anaimba ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba, ndipo nditangomva kulira kumbuyo kwake ndinadziwa. Anawaika m'mawa mwake, chifukwa nyengo imeneyo maliro sankagonetsa, kunalibe chodyetsa anthu. Ndinaonera pa foni ya mphunzitsi wina wa pamudzi, chithunzi chikudukaduka. Ndinaona bokosi likulowa, kenako nkhope ya munthu wosamudziwa, kenako foni inazima. Tikiti ija ndinaibweza, zimene anandibwezera zinakadyetsa ana a Enelesi mpaka kukolola.

Epulo

Amayi a kutchalitchi anasonkhana kunyumba kwanga masiku angapo, ndi anzathu a ku Zambia omwe. Anaimba nyimbo za maliro, anandigwira mapewa, anachita zonse monga timachitira kwathu. Aliyense anabwera ndi poto: mpunga, nkhuku, nyemba, masikono, mpaka m'filiji munasowa malo ndipo zina zinaonongeka. Ankachita mwa chikondi, ndikudziwa, koma kulira munthu wofa ndi njala uli pakati pa mapoto odzaza n'chinthu chimene sindifunira ngakhale mdani wanga. Ankandikakamiza kuti ndidye kuti ndipeze mphamvu, ine n'kumameza ngati mchenga. A Kachingwe anabwera tsiku lililonse koma sanalowe m'nyumba, ankangoima pa mpanda. Ndinatuluka kukawauza kuti si mlandu wawo. Anavomera ndi mutu, koma mpaka lero tikakumana kutchalitchi amayang'ana pansi.

Anthu atabalalika ndinatulutsa buku lija n'kulimaliza. Sindinalinyozenso. Wolembayo ankanena zoona kuti chisoni chimayambira kumphuno ndi palilime, mutu umamva pambuyo. Koma iye pomaliza anapeza omuthandiza, anaphika, analawa, n'kumva kuti mayi ake sanapite onse. Ndinamuchitira nsanje mkazi ameneyo, nsanje yeniyeni yowawa. Ndinampatsa Tadala bukulo kuti akabweze, ndipo ndinamuuza kuti asadzandibweretserenso lina. Kansalu ka amayi ndinakatsekera m'pepala lapulasitiki kuti fungo lisathawe, n'kukaika pansi pa zovala.

Meyi

Kumudzi anakolola. Enelesi anati munda wonse wa amayi unatulutsa madengu owerengeka, zitsononkho zambiri kuposa njere, moti nkhokwe sanavutike n'kuikonza. Mtengo unatsikako pang'ono. Ena mwa amene anapita ku maesiteti anabwerera, ena ayi. Anthu anayamba kale kuyankhula za njala ya chaka chotsatira.

Ndinamupempha Enelesi kuti andionetse pa vidiyo kamangidwe ka chikwatu. Anati iye sadziwa, kwawo amasunga mfutso m'majumbo, ndipo apongozi ake sankamulola kugwira luzi, ankati manja ake ndi aphuma. Ndinamutuma kuti afunse m'mudzi. Panali amayi awiri okalamba amene ankathako pang'ono. Mmodzi anamwalira mwezi womwe uja wa Malichi, winayo ana ake anamutengera ku tauni ndipo mutu sukugwiranso. Anawonjeza kuti ngakhale atapezeka wodziwa, masamba a msuku angawatenge kuti, mitengo yonse inapita ku makala.

Ine ndinagwa ulesi, koma Tadala ndi wamakani ngati agogo ake. Anakagula nkhwani kwa mayi wina wa ku Zambia amene amalima maungu kuseri kwa nyumba yake. Tinawiritsa pang'ono monga ndinkaonera patali ndili mwana. Kuno mvula inali itayamba, dzuwa kulibe, ndiye tinaumitsa mu uvuni, ndipo theka linapserera. Masamba okulungira anathyola mu mkuyu wa oyandikana nafe, chingwe anagula kusitolo. Loweruka masana tinakhala pansi m'khichini. Anandipempha kuti titulutse kansalu ka agogo tiyale pansi. Nditatsegula pepala lija ndinanunkhiza, ndinanunkhizanso. Utsi unali utatsala pang'ono kwambiri, chambiri linali fungo la sopo wa zovala zanga.

Tinayala masamba, tinathira mfutso, tinayesa kukulunga. Masamba ankang'ambika, mfutso n'kumatayikira m'mbali. Tinayambiranso kanayi. Pomaliza tinapeza kanthu kozungulira pang'ono, Tadala atakagwira ndi manja onse awiri kuti kasamwazike. Anandilozera chingwe ndi chibwano. Paja iye ankadziwa zoti ndinawalonjeza agogo ake kuti ndimuphunzitsa, ndinali nditamuuza zonse.

Ndinatenga chingwecho. Ndinatseka maso kuti mwina ndione manja a amayi, kumene luzi linkalowa ndi kumene linkatulukira, koma ndinangoona msana wawo ndi dzanja likundithamangitsa. Ndiye manja anga anachita zimene amadziwa. Ndinasonkhanitsa masamba pakamwa pake, ndinapota, ndinazunguliza kawiri n'kukoka, ndendende mmene ndimamangira matumba a zinyalala kuntchito.

Tadala anayang'anitsitsa mfundoyo, anaikhudza ndi chala. Kenako anafunsa m'Chichewa, pang'onopang'ono, mawu akumulemera pakamwa.

"Amama, ndi imeneyi?"

"Ayi, mwanangu. Si imeneyi."